Chidindo cha kwa ajenti sichithira oyilo: za sevisi ya galimoto ndi kapezedwe ka mmisiri wodalirika ku Tete

Galimoto ikamachokera ku sevisi kwa ajenti, kampani yovomerezeka kugulitsa ndi kukonza magalimoto a mtundu umenewo, imatuluka ikuwala. Aitsuka bwinobwino, matayala awapaka zonyezimira, pansi pa chiwongolero ayalapo pepala, m'buku la sevisi adindamo chidindo. Mwini wake amalipira mametikali ake n'kuwoloka mlatho wa Samora Machel mtima uli m'malo. Koma pa zonse wazionazo palibe chimene chimatalikitsa moyo wa injini. Zosunga injini sizioneka munthu ataima pa kauntala: oyilo amene walowa ndi wamtundu wanji ndipo ndi malita angati, fyuluta yasinthidwadi kapena angoipukuta kunja, bawuti ya pansi pa sampu, beseni losungamo oyilo kunsi kwa injini, yamangidwa motani. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikuti ajenti aliyense ndi mkuyu wotere ayi. Alipo ogwira ntchito yotamandika. Koma ntchito yosalongosoka ikachitika kumeneko imakhala ndi magwero ake, ndipo magwerowo ndi amodzimodzi pafupifupi kulikonse.

Munthu amene amakulandirani pakhomo uja sagwira sipanala. Ntchito yake ndi kulemba zimene mwanena pa khadi la ntchito. Inu mumati, "Ikugogoda kutsogolo kumanzere ndikamadutsa m'mabampu, makamaka ikakhala yopanda katundu." Iye amalemba kuti "phokoso kutsogolo". Khadi likamafika kwa makaniko, theka la uthenga latayika kale panjira. Kuwonjezera apo, ntchito iliyonse ili ndi nthawi yake imene kampani yopanga galimotoyo idaika, ndipo amene amamaliza makadi ambiri pa tsiku ndiye amaoneka wakhama. Zikatero, zoyamba kudumphidwa ndi zija zimene mwini galimoto sangadziwe ngati zachitika: kupopera girisi m'mfundo za propshaft, kuona oyilo wa m'madifu ndi mu giyabokosi, kuchotsa matayala akumbuyo n'kutsegula madiramu a mabuleki, kukhetsa madzi amene adikha mu fyuluta ya dizilo. Pa pepala timabokosi tonse timachongedwa ndithu.

Sevisi yaing'ono nthawi zambiri amapatsa anyamata ophunzira ntchito. Kutero si kulakwa, aliyense adayambira pomwepo, bola wamkulu abwere kudzaona asanatsitse galimoto. Vuto ndi loti wamkuluyo amakhala atatanganidwa kwina. Kuno makasitomala olemera ndi makampani a migodi ya malasha ku Moatize ndi ena amakontirakiti, amene amabweretsa magalimoto ambiri nthawi imodzi, ndipo mlimi wa mbatata amene wachoka ku Tsangano ndi Hilux yake imodzi sangapikisane nawo pa mzere. Sipeya ikasowa pa shelefu, iyenera kuchokera ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, kapena ku South Africa. Galimoto imagona pabwalo masabata, ndipo pamapeto pake ena amangobwezeretsa chakale chomwe chija kuti mwini wake asiye kuimba foni.

Palinso nkhani ya kusintha zinthu m'malo mofufuza matenda. Makina ounikira aja, amene amalumikiza pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, satchula chimene chafa. Amangonena dera limene kompyuta ya galimoto yaona kuti zinthu sizili bwino. Akalemba za sensa ya mpweya, mwina sensayo yangodetsedwa ndi fumbi, mwina waya wadyedwa ndi khoswe, mwina paipi yang'ambika. Wosadziwa ntchito amayitanitsa sensa yatsopano ya ndalama zambiri, nyali n'kuyakanso patatha masiku atatu. Woipitsitsa amangofufuta uthengawo, nyali n'kuzima, inu n'kulipira.

Tsono tiyeni tione chimene chigawo chathu chimaichita galimoto, chifukwa apa ndi pamene ndondomeko ya m'buku imasiyana ndi zenizeni. Mabuku ambiri a magalimoto ali ndi ndondomeko ziwiri, ina ya misewu yabwino, ina ya malo ovuta: a fumbi, otentha kwambiri, onyamula katundu wolemera, oyenda timaulendo tifupitifupi. Tete ali m'gulu lachiwirilo pa chilichonse. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40. Misewu ya ku Macanga, Chifunde ndi m'midzi ya ku Angónia ndi fumbi lokhalokha m'chilimwe, matope m'dzinja. Buku likati oyilo asinthidwe pa makilomita 10,000, galimoto yoyenda m'malo otere, makamaka ya dizilo, ndi bwino kuisinthira pa 5,000. Olandira makasitomala ambiri safunsa n'komwe kuti galimoto imayenda kuti. Muziwauza nokha, ndipo zilembedwe pa khadi.

Fyuluta ya mpweya ndiyo imavutika kuposa zonse. Chizolowezi chofala, kwa ajenti ndi pansi pa mtengo wa mango pomwe, ndi kuipopera ndi kompuresa mpaka ioneke yoyera. Mpweya wamphamvu umaboola timabowo m'pepala lake, tosaoneka ndi maso, ndipo fumbi limadutsa momwemo kupita ku turbo ndi m'masilinda, n'kumakadya zitsulo ngati sandipepa. Kuigogoda pang'ono kuti fumbi lapamwamba ligwe n'kololeka. Ikada, igulidwe ina. Ndipo pali mayeso osavuta amene aliyense angachite: tsegulani bokosi la fyuluta, pisani chala m'paipi ya mbali yoyera, yopita ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi lofiira, ndiye kuti fyuluta yaboka, kapena siinakhale bwino pa mphira wake, kapena chotsekera china cha bokosilo adachisiya chosamanga.

Dizilo naye ali ndi zake. Injini za masiku ano za common rail, monga D-4D ya Toyota, zimapopa mafuta pa mphamvu yoposa 1,000 bar kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri. Madzi pang'ono kapena litsiro la m'chigubu cha mafuta ogula m'mbali mwa msewu ndi zokwanira kuwononga mainjekita, tizipangizo topopera dizilo m'masilinda, omwe mtengo wake ndi wosayamba. N'chifukwa chake fyuluta ya dizilo ili ndi kapu yodikhamo madzi ndi nyali yochenjeza pa dashibodi. Nyaliyo ikayaka si yoyenda nayo mpaka Loweruka. Pa injini za Toyota za mtundu wa 1KD, makamaka zakale, pali matenda ena odziwika: mawasha amene injekita imakhalapo akayamba kudutsitsa utsi, mwaye umalowa mu oyilo, oyilo n'kusanduka phala limene limatseka sefa yokokera oyilo mu sampu, injini n'kufa ndi ludzu sampu ili yodzaza. Mmisiri wodziwa injini imeneyi sabwezeretsa washa yakale akachotsa injekita, ndipo pokhetsa oyilo amaunika ndi tochi pa bowo la sampu kuti aone sefayo.

Lamba wa taimingi ndi malo ena amene chinyengo chimabisalamo mosavuta. Pa 1KD ndi 2KD amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo nyali ya T-BELT imayaka kukumbutsa. Nyaliyo imatheka kuizimitsa lamba asanakhudzidwe n'komwe. Lambayo akaduka injini ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni. Choncho pa ntchito imeneyi pemphani lamba wakale, pamodzi ndi tenshona ndi kagudumu kake, chifukwa zimasinthidwira limodzi. Hilux za injini ya 1GD ndi 2GD zili ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndiye wina akakulemberani mtengo wa lamba wa taimingi pa galimoto yotere, mwadziwa kale mtundu wa munthu amene mukuchita naye.

Tisawasiye amisiri a m'makwalala ngati opanda tchimo. Tchimo lawo lalikulu kuno ndi kuchotsa femositati, kavavu kamene kamatsegulira madzi kupita ku radiyeta injini ikatentha. Galimoto ikayamba kutentha pokwera mapiri a ku Zóbue, mankhwala awo achangu ndi kuizula n'kuitaya, ati kuno n'kotentha kale, siifunika. Imafunika. Popanda iyo injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, makamaka m'mawa wa Juni ku Ulóngue, imamwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga, ndipo chimene chidayambitsa kutenthako chimakhala chikadalipo. Kawirikawiri chimakhala radiyeta yotsekeka ndi udzu ndi matope kunja kapena dzimbiri m'kati, fani yofooka, kapena chivindikiro cha radiyeta chotha mphamvu. Kachivindikiro kameneka n'kotchipa koma ndi kamene kamachititsa kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka cha m'ma 120. Tchimo lachiwiri ndi kuthira madzi a pa mjigo mu radiyeta. Madzi amenewo amasiya miyala yoyera ngati ya m'ketulo. Mu radiyeta mumalowa kulanti, madzi apadera oziziritsira injini, wa mtundu umene buku lanena, ndipo mitundu yosiyana siisakanizidwa.

Mafuta a mabuleki amaiwalidwa ndi onse, ajenti ndi amisiri omwe. Mafutawa, a DOT 3 kapena DOT 4, amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo akakhala ndi madzi amawira msanga. Ganizirani galimoto yodzaza matumba a chimanga ikuchoka pamtunda wa Angónia, woposa mamita 1,000, kutsikira ku Tete amene ali pa mamita osakwana 200. Mabuleki akatentha, mafuta akale amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo kusintha kwake ndi kuwatulutsa pa tayala lililonse mpaka atuluke oyera. Kungopopa a m'kabotolo kapamwamba n'kuthiramo atsopano kumangokongoletsa kabotoloko.

Nanga galimoto ipite kuti? Ngati ndi yatsopano ndipo ikadali pa garantiya, ipite kwa ajenti, ngakhale mukudandaula. Sevisi yochitikira kwina ikhoza kukutayitsani garantiyayo, ndipo giyabokosi kapena turbo ikafa mudzalira nokha. Kwa ajenti ndi kumenenso kumachitikira ntchito zokonza zolakwika za ku fakitale, zomwe salipiritsa, ndi zokhudza mapulogalamu a kompyuta ya galimoto. Chofunika ndi kupitako maso ali tcheru. Musananyamuke kunyumba, lembani kachizindikiro ndi penti kapena cholembera chosafufutika pa fyuluta ya oyilo, ya dizilo ndi ya mpweya, n'kujambula pa foni pamodzi ndi makilomita a pa dashibodi. Madandaulo anu alembeni papepala m'mawu anuanu, m'Chipwitikizi ngati mungathe, apanikizidwe ku khadi. Nenani poyambirira kuti zonse zochotsedwa muzifuna m'katoni, ndiponso kuti ntchito ina iliyonse yowonjezera ayambe akuimbirani. Zosinthidwa pa garantiya zokha ndi zimene amazisunga, koma kukuonetsani angathe.

Magalimoto ambiri a m'misewu yathu si otero. Ndi Vitz, Ractis, Probox, Corolla, Honda Fit, Nissan Note ndi ena obwera kuchokera ku Japan atagwirapo kale ntchito. Amenewa ajenti alibe nawo mangawa, ndipo nthawi zambiri sasunga zipangizo zake. Apa mmisiri wodziimira payekha ndiye dokotala, ndipo kusankha bwino n'kofunika kwambiri chifukwa ambiri mwa magalimotowa ali ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki. Giyabokosi imeneyi imafuna mafuta akeake, ndipo a Honda si a Nissan, a Nissan si a Toyota. Wina akathiramo ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki wamba, chifukwa "zonse ndi otomatiki", galimoto imachoka bwinobwino pa galaja, n'kudzayamba kunjenjemera ndi kuterereka patapita miyezi, pamene palibenso amene angavomere mlandu.

Pofuna mmisiri, funsani anthu amene galimoto ndi khasu lawo, koma muzisefa zimene akuuzani. Woyendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, amayamikira amene amamubwezera pamsewu lero lomwe pa mtengo wotsika, ngakhale atamanga ndi waya. Madalaivala a makampani a fodya, a zipatala ndi a mabungwe, amene amayenda maulendo ataliatali m'midzi ndi galimoto imodzimodzi zaka zambiri, amadziwa amene ntchito yake siibwerera. Funso labwino si lakuti "amakonza bwino ndani", koma lakuti "injini ngati yangayi amaidziwa ndani". Wodziwa Land Cruiser yakale ya 1HZ mpaka kuimasula ali m'tulo akhoza kusochera pa Honda Fit ya hybrid.

Mukafika pa galaja pake musathamangire kulankhula. Imani kaye muone. Kukongola kwa malo kulibe kanthu, amisiri ena abwino kwambiri amagwirira pansi pa chisakasa cha malata. Onani mmene akusungira zimene wamasula: mabawuti ali m'chitini kapena pa nsalu mwa dongosolo lake, kapena amwazikana m'dothi? Injini yotsegula waiphimba, kapena fumbi la pamsewu likugweramo? Galimoto yokwezedwa yakhala pa zitsulo zochirikizira, kapena pa jeke yekha ndi njerwa, mwana wa eni ake ali pansi pake? Amene sasamala moyo wa womuthandiza sangasamale mabering'i anu. Funsani ngati ali ndi sipanala yoyezera mphamvu yomangira, ija imalira kuti "tha" ikafika pa muyeso. Mutu wa injini, mainjekita ndi bawuti ya sampu sizimangidwa mongoyerekeza ndi mkono. Onaninso magalimoto oimikidwa pabwalo: akachuluka ophwa matayala, omera udzu pansi, dziwani kuti pamenepo ntchito zimayambika koma sizitha.

Kenako mumuyese ndi ntchito yaing'ono, monga kusintha oyilo kapena mapadi a mabuleki, inu muli pomwepo. Mmisiri weniweni amayamba ndi mafunso. "Bambo, phokosoli limayamba injini ikazizira kapena ikatentha? Mukaponda kilatchi limasiya? Adaigwirapo wina posachedwa?" Amakwera nanu kukaiyesa pamsewu asanatchule mtengo. Amayeza asanaweruze: batire labwino limaonetsa mavoti 12.6 injini ili chete, ndipo ikalira liyenera kufika cha pa 14, choncho amene akuti alitaneta yafa asanaikepo mita akungolota. Pothira oyilo amadziwa muyeso, pafupifupi malita 7 pa 2KD, 7 ndi theka pa 1GD, osakwana 4 pa injini yaing'ono ya 1NZ, amapaka oyilo pa mphira wa fyuluta yatsopano, amaika washa yatsopano pa bawuti ya sampu. Chizindikiro china chimene anthu sachiwerengera ndi mawu akuti, "Izi si zanga, pitani kwa wamagetsi," kapena "Pampu iyi ikufunika kwa oyeza mapampu." Amene amavomera ntchito iliyonse ndi woopsa kuposa amene amadziwa polekezera.

Zipangizo ndi nkhani ina yovuta, ndipo mmisiri wabwino amagwa nayo ngati mwamubweretsera zachinyengo. Mafyuluta onamizira amabwera m'makatoni olembedwa dzina lenileni, koma mukawanyamula ndi opepuka, zilembo zake n'zofufutika, mphira wa m'kati ndi wouma. Oyilo wogula m'mabotolo a madzi akumwa musamuyandikire. Chigubu chikhale chomata, chitsegulidwe inu mukuona. Pogula sipeya musatchule dzina la galimoto lokha, chifukwa Corolla zilipo zamitundumitundu. Tengani nambala ya chasisi ya pa livrete, chikalata cha boma cha galimotoyo. Pa magalimoto a kwa ajenti nambalayi ili ndi zilembo ndi manambala 17, pamene pa ochokera ku Japan ndi yaifupi, yoyamba ndi mtundu wa galimotoyo monga NZE121. Anthu a ku Angónia ambiri amadutsa pa Calómue kukagula ku Dedza kapena ku Lilongwe, komwe n'kufupi kuposa mzinda wa Tete, ndipo a ku Zóbue amalowera ku Blantyre. Kutero kumathandiza, koma zachinyengo ziliko uku ndi uku, ndipo sipeya yolakwika kuibweza kudutsa malire ndi ulendo wina. Nyamulani yakaleyo mukaiyerekeze pa kauntala pomwepo. Mugwirizanenso poyamba kuti wogula ndani: mukagula nokha, mmisiri sayankha mlandu sipeyayo ikafa msanga.

Pa ndalama, mtengo wa ntchito ya manja ndi wa zipangizo zilembedwe padera ntchito isanayambe. Perekani za zipangizo zokha poyamba, za manja mukaiyesa galimoto. Kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola kuli ndi ubwino woti uthenga umatsala pa foni. Ku galaja yolembetsedwa ndi kwa ajenti, tengani fatura, risiti yokhala ndi NUIT yawo (nambala yawo ya msonkho), yotchula chilichonse chimene chalowa, mtundu wa oyilo ndi malita ake, osati mawu amodzi akuti "revisão", kutanthauza sevisi. Pepala limeneli ndi limene mungaime nalo pokadandaula, poyamba kwa mkulu wa galajayo, zikakanika ku ofesi ya boma yoyendera ntchito za malonda, ndipo lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, lilipo. Dandaulo lolemba, lokhala ndi tsiku, makilomita ndi zithunzi zija mudajambula, limamveka kusiyana ndi kukalipa pa kauntala.

Potenga galimoto, kaya kwa ajenti kaya kwa mmisiri wanu, tsegulani boneti musanatuluke pa geti. Zizindikiro zanu zija zisapezekenso pa mafyuluta amene mwalipira. Injini itazima kwa mphindi zisanu pamalo osapendekeka, sololani kachitsulo koyezera oyilo: akhale pakati pa timadontho tiwiri, kufupi ndi kapamwamba, osapitirira, chifukwa oyilo wochuluka amachita thovu ndi kuphulitsa masilo. Pa injini ya petulo oyilo watsopano amaoneka ngati uchi. Pa ya dizilo amada pakangopita makilomita ochepa, choncho kuda kokha si umboni woti sanasinthe. Onani kuti chivindikiro cha oyilo chamangidwa, zotsekera za bokosi la mpweya zonse zagwira, ndipo palibe nsanza kapena sipanala yoiwalika pa injini. Pondani buleki kangapo galimoto isanasunthe, makamaka ngati asintha mapadi. Usiku umenewo yalani katoni pansi pa injini, m'mawa muone ngati padontha kanthu. Ngati matayala adachotsedwa, imani mutayenda makilomita 50 mpaka 100 muyesenso manati onse ndi sipanala. Wochoka ku Tete kupita ku Ulóngue achite zimenezi asanapatuke pa msewu wa N7.